Kufunsa ndi Kudziwa Njira: Malo Obisika pa Ulendo Wautali

Moni inu a ku Lizulu ndi ku Tsangano, kumene chisanu sichichita manyazi. Moni a ku Kasinje, a ku Bilila, a ku Manjawira, ndi inu a pa boma pa Ntcheu. Sindikuiwala abale athu a kutsidya kwa msewu, ku Angonia, amene mawu a wailesi amawapeza osadinditsa pasipoti. Sendezani wailesi pafupi, tikambirane.

Nkhani yathu lero ndi ya ulendo. Ulendo wake wautali, wa kunja kwa dziko, wa munthu amene wabereka chikwama kumsana kuti akaone mmene anthu ena amakhalira. Alendo otere timawaona pamsewu wathu wa M1. Basi ikaima pa depoti amatsika, kuwongola miyendo, kugula chipisi, n'kukweranso. Masiku ano si azungu okha ayi. Ana athu omwe ayamba kuyenda chotere. Wina wamaliza sukulu, wasunga kandalama, akufuna akaone Dar es Salaam. Wina ali ku Joni, akufuna kuti pobwera kumudzi adzere njira ina. Wina ndi mphunzitsi, akufuna tchuthi chake chikathere ku Zambia.

Funso lathu ndi ili. Munthu ukafika m'dziko la eni, malo abwino amene sali pa zithunzi zokopa alendo umawapeza bwanji? Za mathithi a Victoria Falls palibe amene sanamve. Koma nanga kaphiri kokhala ndi mbiri? Nanga msika umene eni dera amagulako? Nanga gule amene amavinidwa kamodzi pachaka? Zimenezi umazimvera kuti?

Yankho langa ndi lalifupi, ndipo ndilibwereza kangapo. Malo obisika ali pakamwa pa eni ake. Makolo athu anaitha kale nkhaniyi pamene anati kufunsa ndi kudziwa njira.

Tiyenda motere. Tiyamba ndi kwathu konkuno. Kenako tiona woyenera kumufunsa ndi kafunsidwe kake. Tikatero tiwoloka malire. Pomaliza tikambirana za kusamala, ndi za udindo wathu ife eni mudzi.

Tiyambe ndi kwathu. Tayerekezani mlendo amene akuchokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre. Za Ntcheu amaonapo chiyani? Amaona milu ya kabichi ndi mbatata ya kachewere pa Lizulu. Amaona anyamata akukweza m'mwamba mbewa zopanira pa timitengo. Amaona geti yolipirapo magalimoto pa Chingeni. Akafika kwawo amati, "Ku Ntcheu ndikukudziwa." Kodi akukudziwadi?

Sanamve kuti pa Lizulu pomwepo, msewu umene wakwerawo ndi malire a mayiko awiri. Ukagula tomato mbali ino uli m'Malawi. Ukadumpha msewu kukagula anyezi, waponda Mozambique. Sanamve kuti Lizulu ndi likulu la Inkosi ya Makosi Gomani. Sanamve kuti m'chaka cha 1953 Inkosi Philip Gomani anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Atsamunda atafuna kuwagwira, anathawira kutsidya pamodzi ndi m'busa Michael Scott. Apwitikizi anawabweza, ndipo Inkosiyo inamwalira chaka chotsatira. Mbiri yonseyi ili pamalo pamene mlendo wathu anangotulutsa dzanja pa zenera n'kugula karoti.

Sanafike ku Nkolimbo, kumene kunagona Inkosi Gomani Chikuse, amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Kumeneko ndi kumene Angoni a kwa Maseko amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano, kawirikawiri m'mwezi wa Seputembala. Amuna amaponda ngoma, zishango ndi zibonga zili m'manja, fumbi koboo. Amayi nawo amatsika ndi nsindo. Mlendo wathu zonsezi sanazione.

Sanafike ku Nzama, kumene ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni yawo yoyamba m'dziko muno mu 1901, pa malo amene anapatsidwa ndi mfumu Njobvuyalema. Za mishoni zina za Gowa, Mlanda ndi Dombole sanamve. Sanakwere ku nkhalango ya Mvai, kumene kumachokera madzi a damu la Mpira, amene amamwedwa mpaka ku Balaka. Sanatsike ku chigwa cha Bwanje kukaona minda ya mpunga.

Kodi alipo amene anamubisira? Palibe. Chimene chinasowa ndi chimodzi chokha. Sanatsike, sanafunse. Tsono gwirani mfundo iyi, omvera. Ngati kwathu kuli zambiri chotere zimene wodutsa saziona, kwa eni nakonso ndi chimodzimodzi. Tauni iliyonse imene basi yanu idzadutse usiku ili ndi Nkolimbo yake. Ili ndi Nzama yake. Malo obisika ali pakamwa pa eni ake.

Tsopano tione woyenera kumufunsa. Ambiri masiku ano amafunsa foni. Foni ndi yothandiza, sindikana. Mapu a pa Google amakuonetsa msewu ndi kutalika kwake. Koma foni siidziwa kuti mlatho wa kutsogoloko wakokoloka ndi mvula ya sabata yatha. Siidziwa kuti msika wa kumeneko umakhala Lachitatu lokha. Siidziwa kuti galimoto yomaliza imanyamuka dzuwa lisanapendeke. Ndiponso malo amene ali pa intaneti ndi amene alendo ena anafikako kale. Mukatsata okhawo, mudzangoponda m'mapazi mwa anzanu, n'kumalipira mitengo ya alendo.

Nanga tifunse ndani? Funsani mayi wa pamsika. Iye amadziwa kumene ndiwo zimachokera. Amadziwa tsiku la msika uliwonse m'deralo. Amadziwa galimoto imene amalonda amakwera, ndipo yotchipa imakhala imeneyo. Funsani wakabaza kapena wanjinga yamoto. Tinjira tonse ta m'dera anatiyenda, ndipo amadziwa kamene kamaterera mvula ikagwa. Funsani mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale. Iye amadziwa mbiri ya dera, ndipo kawirikawiri amayankhula zinenero zingapo. Funsani kutchalitchi kapena kumzikiti. Mishoni zambiri zakale zili ndi zipinda zogona alendo, zaukhondo, zosaboola thumba.

Ndipo musananyamuke n'komwe, funsani kwathu konkuno. Ntcheu ndi boma la anthu oyenda. M'midzi mwathu mudakali agogo amene anapita ku migodi pa Wenela. Alipo amene anakagwira ntchito ku mafamu a ku Zimbabwe pa Mthandizi. Ena anayenda okha, ulendo wa selefu. Tili ndi madalaivala a mathiraki amene Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge amakudziwa ngati kuseri kwa nyumba yawo. Tili ndi amayi a geni amene amakapikula katundu ku Kyela ndi ku Kariakoo. Amenewa ndiwo aphunzitsi a ulendo. Agulireni tiyi. Khalani nawo pansi, kope ndi cholembera m'manja. Adzakuuzani pogona pabwino. Adzakuuzani chipata chimene chimachedwetsa, ndi nthawi yabwino yofikapo. Mwina adzakupatsaninso uthenga wokapereka kwa m'bale wawo amene anatchona kumeneko, ndipo m'baleyo ndiye adzakhale khomo lanu loyamba.

Koma pali chenjezo. Samalani ndi munthu amene apindula ndi yankho lake. Woitanira minibasi ukamufunsa ngati inyamuke msanga, amati yatsala ndi munthu mmodzi. Tonse tikuwadziwa mawu amenewa. Mwini malo ogona sangakuuzeni kuti kuseriko kuli ena otsikirapo mtengo. Anthuwa ali pa ntchito, akufuna chakudya cha ana. Choncho nkhani ya njira funsani anthu angapo amene sakudziwana. Akagwirizana, pitani. Akasiyana, funsaninso. Paja safunsa anadya phula.

Tamva woyenera kumufunsa. Tsopano tione kafunsidwe. Apa ndi pamene ambiri amaphonya.

Choyamba ndi moni. Kuno kwathu munthu ukafika pakhomo umati "Odi!" n'kudikira. Sungafike pa anthu n'kuyamba ndi mawu akuti, "Njira ya ku Kandeu ndi iti?" Amangokulozera ndi mlomo, osakuuza kuti mtsinje wadzaza. Koma ukapereka moni, n'kuvula chipewa, n'kukhala pansi, n'kufunsa za kunyumba, nkhani imayamba kutuluka yokha. Kwa eni ndi chimodzimodzi. Phunzirani kupereka moni, kuthokoza, kupepesa ndi kufunsa mtengo m'chinenero cha kumene mukupita. Ku Mozambique ndi Chipwitikizi. Ku Tanzania ndi Chiswahili. Ku Zimbabwe ndi Chishona kapena Chindebele. Ngakhale lilime likane, eni ake amakondwa kuti mwayesa.

Chachiwiri ndi funso lenilenilo. Musafunse kuti, "Kodi kuno kuli malo okopa alendo?" Adzakulozerani ku hotela yodula, apo ayi adzati kulibe. Funsani chonchi: "Kodi inuyo mukalandira mlendo wochokera kutali, mumapita naye kuti?" Funsani kuti, "Pa Khirisimasi ana a kuno amakasewera kuti?" Funsani kuti, "Madalaivala nsima yabwino amadyera pati?" Funsani kuti, "Mfumu yoyamba ya dera lino inagona kuti?" Mwamva kusiyana kwake? Mafunso otere amamufunsa munthu za moyo wake. Ndipo za moyo wake aliyense ali nazo zonena.

Chachitatu ndi chiwongo. Ife a kuno tili ndi mwayi waukulu. Tchulani mfunda wanu. Mukati, "Ine ndine Ngozo," kapena "Ndine Nanyoni," kapena "Ndine Phiri," ku Angonia, ku Katete kapena ku Chipata, simuchedwa kumva wina akuti, "Ndiye ndinu m'bale wangatu." Ku Zambia kulinso chimbuya, ubale wa nthabwala wa pakati pa Angoni ndi Abemba. Mbemba akayamba kukuserewulani atamva kuti ndinu Mngoni, musapse mtima. Wakulandirani.

Chachinayi, nanunso patsani. Gulani kanthu pa benchi ya mayi amene mwamufunsa. Mnyamata akavomera kukuperekezani kuphiri, gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo mumulipire mokwanira. Nkhani za kwanu nazonso ndi mphatso. Auzeni mmene timalimira mbatata ku Tsangano. Aonetseni chithunzi cha ngoma. Paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Ndibwereze zinayizi. Moni poyamba. Funso lokhudza moyo wa munthu. Chiwongo chanu. Dzanja lopatsa.

Tsopano tiyeni tiwoloke malire. Koma tisanawoloke, mverani mawu awa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Malo obisika safuna liwiro. Ndi bwino kuona malo ochepa n'kugonako masiku angapo, kusiyana ndi kuthamanga mayiko asanu uli pa zenera la basi. Tsiku lofika ndinu mlendo chabe. M'mawa mwake wogulitsa mandasi wakudziwani dzina. Mkucha wake ndi pamene wina amati, "Mawa kwathu kuli chinkhoswe, tiyeni mukaone." Wothamanga mawu amenewa sawamva, chifukwa amakhala atapita kale.

Tiyambe ndi pafupi. Mukadinditsa pa Biriwiri kapena pa Dedza, mwalowa m'chigawo cha Tete. Ambiri amangothamangira kumzinda wa Tete, kukaona mlatho wa pa Zambezi. Koma Angonia ali pakhomo pathu penipeni. Ku Ulongwe anthu amayankhula chinenero chomwe tikuyankhula panochi. Kumeneko kuli phiri la Domwe, kumene Angoni a kwa Maseko anakhazikika asanafalikire kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza. Mngoni wa kuno amene akufuna kudziwa kumene makolo ake anaponda, ulendo wake uyambire kumeneko. Minibasi za kumeneko amazitcha chapa, ndipo ndalama yake ndi metical. Kodi ndi angati a ife amene timagula ku Mozambique sabata iliyonse, koma ku Domwe sitinafikeko?

Tione njira ya ku Joni. Basi zathu zimadutsa Tete, Nyamapanda ndi Harare, n'kutsetserekera ku Beitbridge. Pakati pa Harare ndi Beitbridge pali tauni ya Masvingo. Amalawi ambirimbiri adutsapo ali m'tulo. Koma pafupi ndi tauniyo pali Great Zimbabwe, mzinda wakale wa makoma ataliatali a miyala. Anaumanga ndi anthu akuda ngati ife, zaka mazana ambiri zapitazo, mwala pamwamba pa mwala, popanda simenti. Dzina la dziko la Zimbabwe linachokera pamenepo. Kwa ophunzira mbiri ndi malo otchuka. Koma mwa ife amene timadutsa njira imeneyi chaka ndi chaka, ndani anatsikapo n'kugona usiku umodzi kuti akaone?

Tione kumpoto. Ambiri akawoloka pa Songwe amalunjika ku Kyela, ku Mbeya, mpaka ku Dar es Salaam. Ena amakwera sitima ya TAZARA pa Mbeya, ndipo amachita bwino, chifukwa m'sitima muli nthawi yocheza ndi anthu. Koma kummwera kwa Tanzania kuli Songea, kumene kuli Angoni anzathu. A Maseko anakhalako asanabwerere ku Domwe. Ku Songea kuli nyumba yosungiramo mbiri ya nkhondo ya Maji Maji, pamene anthu a kumeneko anaukira atsamunda a ku Germany. Mukakatchula kuti mwachokera kwa Gomani, simudzasowa wocheza naye.

Tione kumadzulo, ku Zambia. Apa nzeru yake ndi yotsata masiku a miyambo. M'mwezi wa Ogasiti, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi. M'mwezi wa Febuluwale kuli Nc'wala ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni. Malo omwewo, mukafika tsiku wamba, mudzaona bwalo lopanda anthu. Mukafika tsiku la mwambo, mudzaona mtundu wonse uli pamodzi. Choncho pokonza ulendo funsani masiku a miyambo. Funsani masiku a misika. Ulendo wanu utsate masiku amenewo.

Omvera, tafika pa gawo la kusamala. Gawo ili ndi lofunika kwambiri, choncho tcherani khutu.

Malo ena ndi obisika chifukwa sanatchuke. Ena ndi obisika chifukwa eni ake safuna kuti mlendo alowemo. Awiriwa muziwasiyanitsa. Ife tikudziwa kuti kudambwe salowa munthu wosameta. Tikudziwa kuti kumanda sapita popanda mawu a mfumu. Kwa eni nakonso kuli nkhalango za mizimu, mapanga ndi maiwe amene ali ndi malamulo ake. Musanakwere phiri, musanalowe m'nkhalango, kaonekereni kwa mfumu ya pamalopo. Akati ayi, ndi ayi. Zithunzi nazo pemphani kaye. Osajambula maliro a eni. Osajambula ana a eni popanda chilolezo cha makolo. Osajambula asilikali, apolisi, milatho ikuluikulu kapena zipata za m'malire. M'mayiko ena zimenezi zingakugonetseni m'chitokosi.

Kenako zikalata. Ife a m'malire tinazolowera kudumpha msewu kukagayitsa chimanga kapena kukaona azakhali. Zimenezo ndi za pafupi. Ulendo wautali umafuna pasipoti yodindidwa pa chipata chovomerezeka. Wina akakuuzani kuti akudziwa njira yachidule ya m'tchire, mukaneni. Umenewo ndi msampha. Akakudindirani, werengani masiku amene akupatsani musanachoke pa zenera, ndipo musawapyole. Chitani fotokope pasipoti yanu. Pepala lina musiye kunyumba, lina muike m'thumba lapadera. Pitaninso kuchipatala mukafunse za katemera, monga wa yellow fever, chifukwa mayiko ena amafuna kuona khadi lake.

Ndalama musaike malo amodzi. Zina m'thumba, zina mkati mwa chovala, zina mu foni kapena ku banki. Dziwani mtengo wosinthira musanafike pa malire. Kumene kuli malo ovomerezeka osinthira ndalama, sinthirani kumeneko. Mukangofika, gulani layini ya foni ya m'dzikomo, ndipo auzeni a kunyumba kumene mwagona ndi kumene mukupita mawa. Yesetsani kufika pamalo achilendo kukadali kowala. Kuphiri kapena kunkhalango musapite nokha. Kuyenda awiri si mantha.

Inu achemwali amene mukufuna kuyenda, yendani ndithu. Koma mukafika, funsani amayi anzanu. Iwo ndi amene adzakuuzeni njira yoyenera kuipewa kukada, ndi malo ogona amene mkazi angagone mtima uli m'malo. Ndipo tonse, amuna ndi akazi, tisamale ndi munthu amene wangotidziwa lero, mawa akutilonjeza ntchito yabwino, n'kumati atisungire pasipoti. Pasipoti yanu isachoke m'manja mwanu. Mverani nkhani za pawailesi za kumene mukupita. Mwachitsanzo, kumpoto kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, kwakhala kuli nkhondo ya zigawenga kuyambira mu 2017. Eni dera akati uko musapite, musapite.

Nanga m'chikwama muikemo chiyani? Zochepa. Chikwama cholemera chimakukakamizani kukhala pafupi ndi depoti, pamene malo abwino ali kumene kabaza yekha ndi amene amafika. Tengani nsapato yoyendera imene phazi linaizolowera kale. Tengani juzi, pakuti a ku Tsangano akudziwa kuti kumapiri usiku sikuseka ndi munthu. Tengani neti ya udzudzu, mankhwala anu, tochi ndi botolo la madzi. Musaiwale chitenje. Chimafunda, chimapukuta, chimayalidwa pansi, ndipo chimapereka ulemu polowa m'mudzi wa eni.

Mawu otsiriza pa kusamala ndi a khalidwe. Akakupatsani chakudya chosazolowera, landirani ndi manja awiri. Kwa eni kudyetsa nthanga, dzungu ukulifuna. Musanyoze nsima yawo. Musanyoze msewu wawo. Musataye mapepala ndi mabotolo pamalo amene akuonetsani mwa chikondi. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Khalidwe lanu ndi limene lidzatsegulire kapena kutsekera Mmalawi wobwera pambuyo panu.

Tsopano titembenuze nkhani. Takamba za ife tikakhala alendo. Nanga mlendo akabwera kwathu? Akatsika pa Ntcheu ndi chikwama chake, n'kufunsa kuti, "Kuno ndingaone chiyani?" timamuyankha bwanji? Kawirikawiri amamva mawu akuti, "Kuno kulibe chilichonse, pitani kunyanja." Mawu amenewa amandipweteka mtima. Kulibe chilichonse kwa Gomani? Kulibe chilichonse kumene msewu umodzi umagawa mayiko awiri? Kulibe chilichonse ku mapiri a Kirk Range?

Mlendo akagona kuno usiku umodzi, ndani amapindula? Wakabaza amapeza ulendo. Mayi wa lesitilanti amagulitsa nsima. Mwini malo ogona amalandira kangachepe. Wosema ndi woluka amagulitsa ntchito ya manja ake. Koma zonsezi zimayamba ndi munthu mmodzi amene wayankha bwino funso la mlendo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tikamuyankha mozizira, amakwera basi yotsatira, ndipo ndalama yake imakagwa kwina.

Choncho inu achinyamata, khalani pansi ndi agogo anu adakali moyo. Afunseni mbiri ya phiri limene mumaliona tsiku lililonse. Afunseni chifukwa chake mudzi wanu uli ndi dzina limenelo. Inu aphunzitsi, tengani ana mupite nawo ku Nkolimbo, ku Nzama, ku Mvai. Inu akabaza, dziwani malo a mbiri a m'dera lanu, ndipo mlendo mumutchulire mtengo wachilungamo. Inu mafumu athu, tithandizeni kusamala malo amenewa, ndi mitengo imene yawazungulira. Munthu amene amadziwa kwawo ndi amenenso amadziwa chofunsa akafika kwa eni.

Tisanatseke, tikumbutsane zimene takambirana. Malo obisika ali pakamwa pa eni ake. Funsani mayi wa pamsika, wakabaza, mphunzitsi ndi akuluakulu amene anayenda kale. Yambani ndi moni, ndipo funsani anthu angapo. Yendani modekha, motsata masiku a misika ndi a miyambo. Dutsani pa chipata chovomerezeka, ndipo lemekezani malamulo a eni dera.

Inu amene mukukonza ulendo wautali, musadikire kufika kunja kuti muyambe kuphunzira kufunsa. Yambani sabata ino. Sankhani malo amodzi m'boma lathu lino amene simunafikeko. Kwerani kabaza, perekani moni, funsani, mvetserani. Mukatha kutero kuno kwanu, mudzathanso ku Ulongwe, ku Masvingo ndi ku Songea. Oyenda, yendani bwino. Otsala, tsalani bwino, ndipo mlendo akakufunsani njira, muuzeni zoona.